Chingwe chobisika m'mawu oti "connect"

Masiku ano mawu oti "kukonekita" ali pakamwa pa aliyense. Mwana wasukulu akufuna kukonekita foni yake ku intaneti. Mayi amene wangomaliza kumanga nyumba akudikira kuti amukonekitire magetsi ndi madzi. Mnyamata wa digiri amene watha nsapato poyenda m'maofesi akunong'oneza mnzake kuti, "Aise, undikonekite kwa abwana ako." Liwu ndi limodzi, ntchito zake n'zitatu, ndipo yachitatuyo sitiitchula mokweza.

Sabata ino pabwalo lathu tiunike mneni wa Chingerezi ameneyu, "connect", ndipo tiitane mlendo kuti atithandize. Mlendoyo ndi Chituruki, chinenero cha anthu a ku Turkey. Wina afunsa kuti Chituruki chalowa bwanji m'nkhani ya Chichewa ndi Chingerezi. Choyamba, dziko limeneli silili patali monga kale. Amalonda athu amakapikula masuti, nsapato ndi madiresi ku Istanbul, ndipo achinyamata ena akuphunzira m'mayunivesite a kumeneko. Chachiwiri, Chituruki chimaumba mawu m'njira yofanana kwambiri ndi yathu, mwakuti chimationetsa zinthu za m'Chichewa zimene Chingerezi chimatiphimbira. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tiyambe ndi kumene liwuli lidachokera. "Connect" sadabadwire ku England. Adachokera ku Chilatini, kumene "con" amatanthauza pamodzi ndipo "nectere" ndi kumanga. Kukonekita, pachiyambi pake, kudali kumanga zinthu pamodzi monga timamangira mtolo wa nkhuni. Koma Mngerezi wa lero akamanena "connect" saona chingwe chilichonse, pakuti Chilatini sachimva. Chingwecho chidabisika m'kati mwa liwu.

Kwa Mturuki chingwe chili poyera. Mneni amene amagwira ntchito zambiri za "connect" ndi "bağlamak". Chilembo chovala kachipewa chija musachitchule. Ntchito yake ndi kukoka "a" kuti amveke wamtali, ndiye liwulo limamveka ngati "baalamak". Tsinde lake ndi "bağ", kutanthauza chomangira. Mwana womanga zingwe za nsapato, wapaulendo womanga lamba m'galimoto, mlimi womangirira mbuzi pamtengo, onsewa akuchita bağlamak. Mneni yemweyo ndiye amagwiranso ntchito pa magetsi, pa intaneti ndi pa foni. Mlembi wa muofesi ku Ankara akafuna kuti mulankhule ndi mkulu wake amati "Sizi müdüre bağlıyorum." Liwu ndi liwu, akuti: ndikukumangirirani kwa abwana. Mlembi wa ku Limbe atakuuzani choncho mukhoza kudula foni n'kuyamba kufunafuna loya, chifukwa kwathu kuno kumanga munthu ndi ntchito ya apolisi. Ku Turkey apolisi samanga ndi mneni ameneyu. Ali ndi wina, "tutuklamak", wochokera ku "tutmak", kugwira.

Apa ndi pamene wophunzira chinenero ayenera kuchenjera. Mtanthauziramawu akakuuzani kuti liwu ili ndi lofanana ndi ilo, wakuuzani theka chabe. Taonani nkhani ya milatho. Mzinda wa Istanbul udakhala pa makontinenti awiri, mbali ina ku Ulaya, mbali ina ku Asia, ndipo pakati padutsa madzi a Bosphorus. Mlatho woyamba wowoloka madziwa udatsegulidwa mu 1973. Mngerezi amati mlathowo "connects Europe and Asia". Mturuki amati mlathowo umamangirira Ulaya ku Asia, ndi mneni wake uja. Ife sitingatero, chifukwa tikaika kumanga pafupi ndi mlatho aliyense amva za simenti ndi zitsulo. Timati mlatho umalumikiza, monga msewu wa M1 umalumikiza Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Choncho pamene pali nthambo, mapaipi, misewu ndi mafoni, liwu lathu ndi kulumikiza, ndipo silipereweza kanthu.

Kufanana kwenikweni kwa Chituruki ndi Chichewa kuli m'kaumbidwe ka aneni. Ife timatenga tsinde n'kumalumikizako tizidutswa kumapeto: manga, mangidwa, mangitsa. Mturuki amachita chimodzimodzi: bağla, bağlan, bağlat. "Bağlanmak" ndi kulumikizidwa, n'chifukwa chake kulowa pa intaneti amati "internete bağlanmak". "Bağlatmak" ndi kulumikizitsa, ndipo mwininyumba amene waitana akatswiri kuti amuikire magetsi amati "elektrik bağlatmak". Chingerezi chilibe kanjira kachidule kotere. Chimayenera kuunjika mawu, "to have the electricity connected", pamene Mchewa ndi Mturuki amaliza nkhani ndi kachidutswa kamodzi. Ngakhale "-ana" wathu wa mu kuonana ndi kumvana ali ndi mnzake, amene amamveka ngati "sh". "Anlamak" ndi kumvetsa, "anlaşmak" ndi kumvana, ndipo "anlaşma" ndi pangano. Mwana wa ku Dedza amene akuphunzira Chituruki podzera m'Chingerezi akuzungulira njira yaitali pamene yachidule ili m'kamwa mwake momwe.

Pabwalo la ndege chingwe chimaduka. Wopita ku Istanbul kuchokera ku Lilongwe amatsika panjira, kaya ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, n'kukwera ndege ina. Mngerezi amaitcha "connecting flight". Mturuki amakonda kunena "aktarma", kuchokera ku mneni wotanthauza kusamutsa chinthu kuchoka m'chotengera china kupita m'china, monga mmene timatsanulira madzi a mumtsuko kuti alowe mu ndowa. Ife timangoti kusintha ndege, monga timasinthira basi pa depoti ya Wenela. Zinenero zitatu, zithunzi zitatu: wina akuona mfundo ya chingwe, wina akuona kutsanula, wina akuona kutsika ndi kukwera.

Nanga anthu? Mngerezi akati "we connected" akunena za anthu awiri amene angokumana n'kumvana nthawi yomweyo. Pamenepa kulumikiza sikugwira. Timati tidamvana, tidagwirizana, ndipo ena amati magazi athu adagwirizana. Mturuki nayenso amapita ku magazi. Akamukonda munthu pongomuona amati "kanım ısındı", magazi anga afunda. Koma chikondi chikazika mizu amabwerera ku chingwe: "bağlanmak" ndi kumangika mtima pa munthu. Makolo akapezera mwana wawo mbeta kapena mwamuna amati "başını bağlamak", kumumanga mutu. Si patali ndi ife amene timamanga ukwati ndi kumanga banja.

Tsopano tifike pamene kumasulira molakwika kumavulaza munthu. M'nkhani za apolisi za Chingerezi mumapezeka mawu oti "arrested in connection with the theft". Mawuwa adasankhidwa mosamala. Sakunena kuti munthuyo waba. Akunena kuti apolisi aona kachingwe pakati pa munthuyo ndi mlanduwo, ndipo akufuna kukatsatira kuti aone kumene kakuthera. Atolankhani a ku Turkey amati "bağlantılı olarak" kapena "ilgili olarak", ndipo nawonso sagamula. Chichewa chabwino chimati wamangidwa pomuganizira kuti akukhudzidwa ndi kubako. Koma nkhani ikafika pa WhatsApp ndi pamalo okwerera minibasi imasanduka yakuti wamangidwa chifukwa choba. Kachingwe kasanduka unyolo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woimbidwa mlandu aonedwe ngati wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Munthu akhoza kumasulidwa patapita masiku awiri, koma dzina loti wakuba limamutsata mpaka kumanda, ana ake n'kumanyozedwa kusukulu. Chimodzimodzi pa zaumoyo: akatswiri akati matenda ena ali "connected with" chakudya china, akutanthauza kuti ziwirizo zimapezekera pamodzi kawirikawiri. Kukhudzana ndi kwina, kuyambitsa ndi kwina.

Tibwerere kwa mnyamata wa digiri uja. M'Chingerezi, kunena kuti munthu ndi "well connected" kumamveka ngati kumuyamikira. Nafenso tidatengera: uyu ali ndi makonekishoni. Liwulo ndi loyera, lovala tayi, lopanda fungo. Mturuki pano saitana bağlamak. Ali ndi mawu awiri amene sabisa kanthu.

Loyamba ndi "torpil". Tanthauzo lake lenileni ndi bomba la m'madzi lophulitsa sitima. Munthu amene walembedwa ntchito chifukwa chodziwana ndi akuluakulu amatchedwa "torpilli", wokhala ndi bomba. Chithunzi chake n'chomveka: chinthu choyenda pansi pa madzi, chosaoneka, chimene chimamiza amene amayenda pamwamba moona mtima. Ofuna ntchito m'boma la Turkey amalemba mayeso a dziko lonse otchedwa KPSS, koma dandaulo limene limamveka kawirikawiri kumeneko ndi lakuti wokhoza bwino mayeso amakagwa pa mafunso a pamaso, pamene torpil amalowerera. Liwu limene amaliika moyang'anana nalo ndi "liyakat", kuyenerera.

Lachiwiri ndi limene lingakuseketseni. "Dayı" ndi mlongo wa amayi ako, amene ife timati amalume kapena atsibweni. Mturuki amasiyanitsa ameneyu ndi mbale wa abambo, amene ndi "amca", monga ifenso timasiyanitsira amalume ndi abambo aang'ono, pamene Mngerezi onsewa amawaunjika m'liwu limodzi. Ndipo ku Turkey akati "dayısı var", ali ndi amalume, sakuwerenga abale. Akunena kuti munthuyo ali ndi womuikira kumbuyo pamalo apamwamba. Kwa Mchewa amene adakulira m'mbumba, mmene amalume ndiwo amalipira sukulu, kuweruza milandu ndi kuimirira pa ukwati, mawuwa safuna womasulira. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo palibe cholakwika kuti amalume asamale mwana wa mlongo wawo ndi chuma chawo. Vuto limayamba pamene amalumewo akusamala mphwawo ndi mpando wa boma kapena wa kampani, umene ndi wa tonse. Pamenepo mwana wamasiye amene adakhoza bwino amatsala panja pa geti ndi envulopu yake ya khaki.

Chichewa chili ndi mayina a khalidwe limeneli: kukondera, tsankho, kulemba ntchito pachibale, kulowera khomo la kuseri. Onsewa ali ndi manyazi m'kati mwake. N'chifukwa chake timawathawa n'kukabisala m'Chingerezi. Palibe amene angaime pagulu n'kunena kuti ntchitoyi ndidaipeza mokondera, koma ambiri amanena monyadira kuti adawakonekita. Liwu lobwereka lachita ntchito ya sopo.

Sindikunena kuti kubwereka mawu n'kulakwa. Sukulu, buku, foni ndi galimoto ndi alendo amene adasanduka eni mudzi. Achinyamata a ku Turkey nawonso amati "link" potumizirana zinthu pa foni. Koma dziko lawo lidachitapo kanthu pa chinenero chake. Mu 1928, motsogozedwa ndi Mustafa Kemal Atatürk, adasiya zilembo za Chiarabu n'kuyamba kulemba ndi zilembo ngati zathuzi. Mu 1932 adakhazikitsa bungwe loona za chinenero, limene lero limatchedwa Türk Dil Kurumu, ndipo akatswiri adayamba kuumba mawu atsopano kuchokera ku matsinde a makolo awo. Kuchokera ku "bağ" yekhayo kudatuluka "bağlantı", kulumikizana. "Bağımlı", womangika ku fodya kapena mowa. Ndi "bağımsız", wosamangirika kwa wina aliyense, liwu limene amatchulira dziko lodzilamulira lokha ngati lathuli kuyambira pa 6 July 1964. Ngakhale timawu tolumikiza ziganizo, monga "ndi" ndi "koma", adatipatsa dzina lochokera pomwepo: "bağlaç".

Ifenso tidachitapo zotere. Aliyense amene adaphunzira malamulo a Chichewa ku pulayimale akukumbukira mlumikizi. Amene adaumba liwuli adatenga kulumikiza n'kupanga dzina, monga momwe Aturuki adachitira, ndipo lero palibe mwana amene amaliona lachilendo. Ntchito imeneyi idali m'manja mwa Chichewa Board kuyambira mu 1972, ndipo kenaka idapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi. Koma chinenero sichikhala muofesi. Chimakhala pa wailesi, m'nyuzipepala, m'kalasi ndi pamsika, ndipo ndi kumeneko kumene liwu limapulumuka kapena kufa.

Pempho langa kwa aphunzitsi, atolankhani ndi omasulira ndi laling'ono. Mukakumana ndi "connect", musathamangire liwu limodzi. Funsani kaye kuti chikumangidwa n'chiyani, ndipo akuchimanga ndi chingwe chotani. Ngati ndi nthambo kapena msewu, lumikizani. Ngati ndi ndege, sinthani. Ngati ndi mitima, imvane. Ngati ndi mlandu, nenani kuti munthuyo akuganiziridwa, ndipo mulekere pomwepo. Ngati ndi ntchito imene yapita kwa mphwa wa abwana pamene oyenera ali pamzere, itchuleni ndi dzina lake la Chichewa, kuti womva amve kulemera kwake.

Aturuki akamasiyana amati "görüşürüz". Tsinde lake ndi "gör", kuona, ndipo kachidutswa kotsatira ndi "-ana" wathu uja. Tanthauzo lake mwalidziwa kale: tionana. Tionana sabata yamawa pabwalo lomweli.