Chimbale china cha a Chalamanda: walira mvula walira matope

Ku Ulongwe, ku Zobue ndi pamsika wa Lizulu, dzina la a Giddes Chalamanda silisowa pakamwa. Mkuluyu anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu m'dziko la Malawi, ndipo wakalamba gitala ili m'manja. Mu 2020 anaimbanso Linny Hoo pamodzi ndi Patience Namadingo, nyimboyo n'kufalikira maiko akutali kudzera pa intaneti.

Tsono anthu akufunanji madalawa akadzatulutsa chimbale china? Achikulire akuti gitala yawo ija imveke yokha, makina ojambulira asaphimbe mawu a nkhalamba. Achinyamata akuti Che Meli ndi Buffalo Soldier zijambulidwenso mwatsopano, zovinika pa ukwati.

Zonsezi n'zabwino, koma kodi woimbayo adya chiyani? Kale munthu ankagula kaseti. Lero nyimbo zimangothiridwa m'foni pamsika, ndalama n'kutsalira wothirayo, mwini nyimbo osaona ngakhale metikali imodzi.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna chimbale chatsopano akonzekenso kupisa m'thumba n'kuchigula, kuti agogowa adyeko thukuta lawo.