NG'OMBE ZA MNANSI ZIKADYA M'MUNDA MWAKO

Awerengi, sabata yatha ndinali kuceza ndi mkulu wina pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wa m'dera la Mfumu Zingalume, muno m'boma la Chadiza. Mdzukulu wao, mtsikana wa geredi 11, anatisonyeza pa foni zithunzi za anyamata ndi atsikana atanyamula zikwangwani pa msonkhano wa maiko wokamba za kusintha kwa nyengo, umene unacitikira mu mzinda wa Belém ku Brazil mu Novembala 2025. Mkuluyo anapukusa mutu nati: "Ana a masiku ano ulemu unawatha. Munthu wopempha thandizo sakweza mau. Amagwada, naomba m'manja." Mtsikana uja anayankha mofatsa: "Pepani agogo, iwowa sali kupempha thandizo ai. Ali kufuna kuti olakwa alipire mlandu."

Ine pa nkhani iyi ndaima kumbali ya mwanayo, ndipo ndifuna kulongosola cifukwa cace.

Tonse tidziwa mwambo wathu. Ng'ombe za mnansi zikalowa m'munda mwako usiku ndi kudya cimanga, supita kwa iye utagwada kukapempha ufa. Umapita kwa a nyakwawa, akulu nadzaona mapazi a ng'ombe ndi mapesi otsala, ndipo mwini ng'ombe amalipira. Zimene akupatsa pamenepo si mphatso, ndipo sayembekeza kuti umuyamike. Mau akuti cilungamo pa za nyengo, amene acinyamata amafuula pa misonkhano ija, tanthauzo lace ndi lomweli.

Ng'ombe za mlanduwu ndi utsi. Kwa zaka zoposa 150 maiko a mafakitale akhala akuocha malasha okumba pansi ndi mafuta, ndipo mpweya woturukamo umaunjikana kumwamba nugwira kutentha kwa dzuwa monga bulangete. Iwo analemera nako kuocha kumeneko. Afrika yense, ndi anthu ace onse, amaturutsa magawo osafika 4 pa magawo 100 a mpweyawo caka ciri conse. Koma kutentha sikusankha munda wa amene anakoleza moto.

Palibe wa muno amene waiwala dzinja la 2024. Mvula inadula mu Januwale, cimanga cinauma cisanamasule ngaiyaye, ndipo pa 29 Febuluwale mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pafupi-fupi mahekitala miliyoni imodzi mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga anaonongeka. Caka ca m'mbuyo mwace, mu Malici 2023, abale athu a kum'mwera kwa Malawi anakokoledwa ndi matope a namondwe wa Freddy, amene anapha anthu mazana-mazana.

Tsono tione cimene cakwiyitsa anawa. Mu 2009, ku Copenhagen, maiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 adzayamba kupereka madola 100 biliyoni caka ciri conse kwa maiko osauka. Ndalamazo zinakwanira mocedwa, mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole. Taganizani pamenepa, inu a kumudzi. Mwini ng'ombe wabvomera kuti zinadyadi m'munda mwanu, ndiye akuti adzakukongozani matumba asanu a cimanga, inu mudzabweze asanu ndi limodzi. Ndi nyakwawa uti amene angaweruze cotero? Ndipo Zambia ndi dziko limene mu Novembala 2020 linalephera kulipira ngongole zace zina zakunja. Kulionjezera ngongole m'dzina la thandizo kuli ngati kusenzetsa mtolo wina munthu amene wagwa kale ndi woyamba.

Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anabvomerezana kukhazikitsa thumba la ndalama zolipirira zinthu zotayika ndi zoonongeka cifukwa ca nyengo. Tiyenera kunyadira pang'ono, pakuti nthawi imeneyo Zambia ndiye anali kutsogolera gulu la olankhulira Afrika, ndipo wapampando anali a Ephraim Shitima. Koma thumbalo litatsegulidwa ku Dubai mu 2023, zolonjezedwa zinali madola 700 miliyoni cabe kapena kupitirirako pang'ono, za maiko onse osauka a pa dziko lapansi. Ku Baku mu 2024 maiko osauka anapempha madola 1,300 biliyoni pa caka. Anabwerako ndi lonjezo la 300 biliyoni, lodzakwanira mu 2035. Mdzukulu wa mkulu uja adzakhala ali mai wa ana pofika caka cimeneco.

Acinyamata ali ndi malo ao pa misonkhanoyi, koma ngoonerera cabe. Amalankhula mphindi zowerengeka, ndipo pomanga mfundo sakhala nao. N'cifukwa cace amaima panja ndi zikwangwani. Ngakhale panjapo mwana wa mu Afrika amabvutika kuti aoneke. Mu Januwale 2020, pa msonkhano wa anthu olemera ku Davos, mtsikana wa ku Uganda, Vanessa Nakate, anajambulidwa pamodzi ndi Greta Thunberg ndi atsikana ena atatu aciyera, koma cithunzi citaturuka iye yekha anali atadulidwamo. Eni ace anapepesa pambuyo pace.

Amene amati phokoso la ana liribe phindu amve ici. Mu 2019 ophunzira za malamulo a pa zisumbu za m'nyanja ya Pacific, kumene madzi ali kumiza midzi, anaganiza zotengera nkhaniyi ku bwalo lalikulu la milandu ya maiko ku The Hague. Boma la Vanuatu, dziko la anthu ocepa kuposa a mu Lusaka, linawamvera. Mu Malici 2023 bungwe la United Nations linatumiza funsolo ku bwalo, ndipo pa 23 Julaye 2025 oweruza ananena kuti maiko ali ndi udindo mwa lamulo woteteza nyengo, ndi kuti dziko lonyalanyaza udindowo likhoza kuuzidwa kulipira amene aonongeredwa. Mau amenewa ndi uphungu, sakakamiza dziko kuturutsa ndalama mawa lino. Komabe akulu anati mlandu suola, ndipo uwu tsopano walembedwa m'buku la bwalo.

Mkulu uja sanagonje msanga, ndipo zimene anatsutsa nazo n'zomveka. Anati cilala si cacilendo, pakuti mu 1992 tinadya nsima ya cimanga cacikasu. Anatinso mapiri athu tameta tokha ndi nkhwangwa zoochera makala ndi kucizira fodya. Zonsezi n'zoona. Akatswiri nawonso anapeza kuti cilala ca 2024 cinadza makamaka cifukwa ca El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo. Koma akatswiri omwewo anapeza kuti mvula ya namondwe wa Ana, amene anasakaza Malawi ndi Mozambique mu Januwale 2022, inakula cifukwa ca kutentha kwa dziko, ndipo 2024 cinali caka cotentha koposa ciyambire anthu kulemba za nyengo. Kunena za mitengo, mpanda wanga ukakhala wothyoka ndiyenera kuukonza ndithu, koma kuthyoka kwa mpanda sikumasula mwini ng'ombe.

Pali cina cimene ndifuna acinyamata a ku Chadiza acigwire, pakuti ku Belém n'kutali ndipo ambiri a ife sitidzafikako. Mu 2024 boma lathu linasainirana pangano ndi World Bank lakuti cigawo ca kum'mawa cingalandire ndalama zofika madola 30 miliyoni ngati cisunga nkhalango ndi kulima mosaononga nthaka. Amene asiya kudula mtengo ndi mlimi wa kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume. Kuli koyenera tsono kuti mwana wace aimirire pa msonkhano wa wadi, afunse khansala ndi alangizi a zaulimi kuti gawo la mudzi wao ndi lotani, lidzafika liti, ndipo adzalisunga ndani. Funso lotere si mwano.

Ndiponso mlandu umafuna mboni. Pa bwalo la a nyakwawa sungangoti "zinadya kwambiri", umasonyeza mizere. Anthu a maiko olemera adzanena monga ananenera mkulu uja, kuti cilala n'cakale. Cotero ndipempha ana a sukulu m'mudzi uli wonse asunge kabuku: tsiku limene mvula yayamba, masiku amene yadula, matumba amene banja lakolola pa munda womwewo caka ndi caka, mwezi umene citsime cauma, ng'ombe zimene zafa. Kope lina apatse mlangizi wa kampu yao, lina lisungidwe kwa a nyakwawa.

Pamene ndinali kutsazika, mkulu uja anali atayamba kuuza mdzukulu wace zaka zimene dambo la kumunsi kwa mudzi linali kusunga madzi kufikira mu Okutobala, ndi caka cimene linayamba kuuma mu Ogasiti. Mtsikanayo anali kulemba kumbuyo kwa buku lace la masamu.