ZA M'THENGO: Minyanga ya Njobvu ndi Cikumbu ca Ndowe

Akuluakulu amati njobvu silemedwa ndi minyanga yake. Koma m'cigwa ca Luangwa, cimene anthu a kwa Mfumu Nyampande ndi a ku Nyimba amacidziwa bwino, minyanga yomweyo ndiyo inaphetsa njobvu zikwizikwi.

Mnyanga ndi dzino la kutsogolo la nsagwada ya m'mwamba, ndipo limakula moyo wonse wa njobvu. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzinoli liri m'kati mwa mutu. N'cifukwa cake wofuna mnyanga wathunthu amayamba wapha nyamayo. Mnyanga ndilo khasu la njobvu: imakumbira madzi mumcenga wa mitsinje youma, imasendera makungwa a mlambe, ndiponso imatetezera ana ake.

M'caka ca 1973 akatswiri owerenga nyama pa ndege anapeza kuti m'cigwa ca Luangwa munali njobvu pafupifupi 86,000. Zaka zotsatira, makamaka za m'ma 1980, opha nyama mobisa anazisakaza koopsa. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, ndipo mu 1992 Boma la Zambia linatentha mulu wa minyanga poyera.

Cipsera ca zaka zimenezo cinatsala pa njobvu zenizenizo. Hugo Jachmann ndi Philip Berry, pamodzi ndi mnzao, analengeza mu 1995 kuti ku South Luangwa njobvu zazikazi zopanda minyanga zinali 10 mwa 100 ziri zonse mu 1969, koma pofika 1989 zinakwana 38. Cifukwa cake n'cosabisika. Mlenje wakuba amasiya njobvu yopanda minyanga. Iyo imakhala ndi moyo, nibala ana aakazi ambiri otengera mai wao. Zomwezo zinaoneka ku Gorongosa, m'dziko la Mozambique, itatha nkhondo ya 1977 mpaka 1992.

Kumene njobvu yadutsa kumatsala ndowe, ndipo apa mpamene pamayambira nchito ya cikumbu. Cikumbu ca ndowe ciri ca mitundu yambiri. Cina cimaumba mpira ndi kuukunkhuniza cam'mbuyo ndi miyendo yake. Cina cimakumba una pansi pa mulu womwewo, nicilowetsamo ndowe ndi kuikiramo mazira. Ku Tsavo, m'dziko la Kenya, akatswiri anawerenga zikumbu 16,000 pa kamulu ka ndowe ya njobvu ka kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo m'maora awiri kamuluko kanatha. Mu 2013 Marie Dacke ndi anzace anasonyeza ku South Africa kuti usiku wopanda mwezi cikumbu cimaongola njira yake poona kuwala kwa mlalang'amba.

Phindu lake limafika kwa mlimi. Ndowe yokwiriridwa imasanduka conde, mauna amalowetsa madzi a mvula m'nthaka, ndipo nchenche ndi njoka za m'mimba mwa ng'ombe zimasowa poswera. Njere za mfula ndi nsangu zimene njobvu yameza zimagwera kutali, ndipo zina zimakwiririka pamodzi ndi ndowe. Dziko la Australia, litazunzika ndi nchenche za pa ndowe ya ng'ombe, linacita kuitanitsa zikumbu za ku Africa kuyambira m'ma 1960. Mlimi wa ku Petauke ali nazo kwaulere pafupi ndi khola lake.

Nzoona kuti njobvu ikalowa m'munda, usiku umodzi umatha cakudya ca caka conse, ndipo mkwiyo wa mwini munda ngwomveka. Komabe mfuti ya gogodera si yankho. Lamulo la nyama la 2015 linaika cilango ca zaka zosacepera 5 m'ndende kwa wopezeka ndi mnyanga popanda cilolezo. Wogula mnyanga amakhala kutali, koma womangidwa ndi mwana wa m'mudzi, ndipo banja lake limatsala pa njala.

Tsono njobvu zikabvuta, anthu adziwitse nyakwawa, komiti ya zacilengedwe ya m'dera lao, ndi anchito a dipatimenti ya nyama za m'thengo. Alimi oyandikana alondere minda pamodzi ndi kufukiza utsi wa tsabola, umene njobvu zimadana nao. Wotola mnyanga m'thengo akaupereke ku Boma msanga, ndipo ana aphunzitsidwe kusapha cikumbu cimene akomana naco panjira ya kumunda.