Kalata ya Abusa: Ndani Adzaimire Wodi Yathu?

Kwa akhristu onse a m'mipingo ya pa tauni ino ndi midzi yozungulira, komanso anthu onse akufuna kwabwino,



Ife abusa anu tamva madandaulo anu pamaliro, m'milaga ndiponso tikamayendera odwala. Nkhani yake ndi imodzi: anthu adasiya kuikhulupirira khonsolo. Mayi wogulitsa tomato amadula chiphaso cha mumsika m'mawa uliwonse, asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Koma chimbudzi cha pamsikapo chidadzadza kalekale, chitseko chake adachimanga ndi waya, ndipo zinyalala zaunjikana kuseri kwa mabenchi a usipa. Akafunsa kumene ndalama yake ikupita, amangouzidwa kuti akuluakulu akudziwa. Mayi ameneyu tsiku lovota amapita kumunda, ndipo ife sitikumuweruza.

Tikumbutsane kumene tachokera. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidabwera ndi lonjezo lija la mphamvu ku anthu. Tidasankha makhansala mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lidakhala zaka 9 lopanda khansala, mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 May 2014. M'zaka zimenezo tidazolowera kuona khonsolo ngati ofesi ya DC ndi aphungu basi. Chizolowezicho sichidathe. Lero ambiri amamufuna khansala pogula bokosi la maliro, pomwe ntchito yake yeniyeni ndi kutenga zofuna za anthu kuchokera ku makomiti a chitukuko a ma VDC ndi ma ADC, kukavomereza bajeti ya khonsolo, kupanga malamulo a m'dera, ndi kulondoloza ngati mjigo umene udalembedwa papepala ukutulutsadi madzi.

Apa ndiye pali mawu athu. M'mabenchi a matchalitchi athu mumakhala aphunzitsi opuma pantchito, anamwino, amayi amene asunga ndalama za banki m'khonde zaka zambiri popanda kusowetsa tambala, ndi achinyamata odziwa kuwerenga bajeti. Tikawauza za ukhansala amapukusa mutu, amvekere, "Abusa, ndale ndi zonyansa." Zoonadi zadetsedwa. Koma zadetsedwa bwanji ngati si chifukwa chakuti anthu oongoka adazisiyira ena? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Msewu wokumbikawo mumayendamo ndinu, ndipo ana ophunzirira pansi pa mtengowo ndi anu. Tikukupemphani, makamaka inu amayi amene mumasenza ntchito zambiri za mpingo koma m'khonsolo ndinu owerengeka: ganizirani zoima, kaya kudzera m'chipani, kaya panokha.

Sitikunamizani. Ukhansala si munda wolemererapo. Kangachepe kamene khansala amalandira sikakwanira zopempha za tsiku limodzi za pakhomo pake, ndipo wofunsa za ndalama za CDF kapena za makontirakiti sachedwa kupeza adani. Nehemiya atakhala bwanamkubwa wa Yuda adakana kudya chakudya chimene udindo wake unkamuloleza, chifukwa anthu anali atalemedwa kale. Wofuna kuima adziyese ndi muyeso umenewo asadapite kukatenga mafomu ku MEC.

Kwa inu amene mudzapambane, chikhulupiriro cha anthu sichidzabwera ndi msonkhano umodzi wa magule. Chidzabwera pang'onopang'ono. Matani pa bolodi la pamsika ndalama zimene zatoleredwa mwezi uliwonse ndi mmene zagwirira ntchito. Mukabwerako ku msonkhano wa khonsolo, itanitsani anthu a m'wodi pamodzi ndi mafumu, muwafotokozere zimene mwagwirizana, ngakhale zimene zakanika. Kontirakiti yomanga buloko ya sukulu isapite kwa mlamu wanu.

Nanu ovota muli ndi mbali yanu. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa opikisana kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti. Wolandira chitenje ndi sopo lero asadzadabwe mawa woperekayo akamadzabweza ndalama zake kuchokera m'thumba la chitukuko.

Ifenso tikudzimanga. Guwa silidzakhala nsanja ya kampeni, ndipo sitidzakuuzani dzina la munthu kapena chipani choti muvotere. Mkulu wa mpingo amene waima sadzapatsidwa mwayi woposa mnzake wa mpingo wina kapena Msilamu. Koma kukhala chete pa nkhani za dziko ayi. Maepiskopi a Katolika atalankhula m'kalata yawo ya pa 8 March 1992, anali kuchita ntchito ya ubusa, ndipo ifenso tikuchita yomweyo pa wodi yathu yaing'onoyi.

Musadikire nyengo ya kampeni. Yambani kupita ku misonkhano ya VDC mwezi uno, mukamve ndi kufunsa. Kalatayi iwerengedwe m'mipingo yonse Lamulungu likudzali, ndipo ikambidwe m'milaga ndi m'magulu a amayi ndi achinyamata.

Ife abusa anu mwa Khristu.