Nambala 58

Belu la pasukulu ya kwathu likadali limu ya galimoto yopachika panthambi ya mthethe, lomwe lija linkatithamangitsa ife tili ana. Lachisanu lapitali linalira 8 koloko, ndipo makolo tinakhala pamabenchi amene anyamata a Sitandade 7 anakasenza kutchalitchi. Linali tsiku lotsekera sukulu.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa mmene mwambowu umayendera. Pemphero, nyimbo ya fuko, kwaya, kenako mnyamata wa Sitandade 6 kulakatula ndakatulo yodzudzula makolo amene amatuma ana kukagulitsa mandasi nthawi ya sukulu, makolo omwewo n'kumaomba m'manja mwamphamvu. Sewero la bambo woledzera silisowa. Amfumu alankhula, wapampando wa komiti adandaula za njerwa zimene mudzi wina sunaumbe, ndipo dzuwa litafika paliwombo ahedi amaimirira ndi mapepala awo. Apa ndiye pamati zii, ngakhale makanda kumsana amakhala ngati amva.

"Sitandade 2, nambala wani!" Nthungululu. Mayi a mwanayo anathamanga chitenje chikukwekwereka pansi, kumunyamula, kumufupa K1000. Azakhali ake anabwera ndi sopo, agogo ake ndi nzimbe. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Pofika nambala 10 nthungululu zinali zitayamba kuzilala, ndipo pofika 30 ahedi ankangothamangitsa maina ngati kondakitala wotchula masiteji. Mwana wa mlongo wanga anatchulidwa pa nambala 58, mwa ana 104. Anaimirira, anasasa fumbi payunifolomu yake, n'kukaima kumbali ya okhoza. Mayi ake anangoti, "Bola wakhoza, achimwene." Ine ndinali nditakonza K2000 m'thumba la malaya, yoti ndikamufupe pagulu akapezeka mwa khumi oyambirira. Inabwerera kunyumba ili m'thumba momwemo.

Madzulo ake tikudya nsima pakhonde, foni ya amayi inalira kusonyeza kuti mwalowa uthenga. Amayi anga sanapondeko m'kalasi. M'masiku awo sukulu inali yolipira, ndipo ndalama zikachepa pakhomo woyamba kutsalira ankakhala mwana wamkazi. Mng'ono wanga ali ku Joni, kuimba foni n'kodula, choncho amalemba. Kwa zaka zambiri uthenga ukabwera amayi ankanyamula foni kupita nayo kwa mnyamata wa nyumba yachitatu kuti awawerengere, ndipo kukamacha mudzi wonse unkakhala utadziwa kuti kwa uje kwabwera zingati. Obwereka ankafika pakhomo ndalamazo zisanatapidwe n'komwe.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiwawerengere, koma anandilambalala n'kupatsa mdzukulu wawo. Mwanayo anasamba m'manja, anapukutira pa diresi, anaika chala pa foni n'kuyamba: "A-ma-yi, ndi-tu-mi-za Lo-we-ru-ka…" Atafika pa mawu oti "mankhwala" anaima. Anabwerera, anang'ung'udza chamumtima, milomo ikugwedera, kenako anawatulutsa onse athunthu. Uthenga wa mizere itatu unamutengera mwina mphindi ziwiri. Amayi anangogwedeza mutu n'kubwezera foni m'kachikwama kawo ngati palibe chachitika. Ndinafunsa kuti zimenezi zayamba liti. "Nthawi yokolola ija," anatero. "Masiku ano nkhani zanga zimathera pakhonde pano."

Mawu oti "mankhwala" aja anandikumbutsa tsiku lina mu Meyi pamene ndinamuperekeza mwanayu kusukulu. Linali tsiku wamba, lopanda alendo, lopanda kwaya. Ana ankafika ali ndi tsache m'manja, ena chikuni chimodzi chokaphikira phala, kapu ya pulasitiki ili m'jumbo pamodzi ndi makope. Amayi odzipereka anali atayamba kale kutakasa phala kusanache. M'sukulu zambiri za m'dziko muno phalali limabwera ndi bungwe la Mary's Meals, limene linayambira kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha. Mphunzitsi aliyense adzakuuzani kuti tsiku limene kulibe phala m'kalasi mumakhala mipata, ndipo amene abwera amayamba kusinza 10 koloko isanakwane.

Sitandade 2 ili ndi mwayi, ili ndi chipinda, ngakhale kuti ana amakhala pansi. Gulu lina la Sitandade 1 limaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira kutsinde. Mphunzitsi wa Sitandade 2, mayi wamfupi amene mawu ake anasasa kalekale, anandilola kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Tsiku limenelo anali pa maphatikizo a nkh: nkha, nkhe, nkhi, nkho, nkhu. Anatchula yekha, anatchula nawo pamodzi, kenako anawasiya atchule okha, mzere ndi mzere, awiriawiri. Analemba ndi chala m'malere, analemba pamsana pa anzawo, ndipo pomaliza m'makope. Atafunsa mawu okhala ndi maphatikizowo, manja anali m'mwamba: nkhuku, nkhani, nkhono, nkhuni. Kamnyamata kena kanati "nkhonya" n'kuonetsa pamutu pa mnzake kuti aliyense amvetse, ndipo phunziro linaima kaye pang'ono. Bukhu limodzi ankagwirizira ana atatu, wapakati ndiye ankaona bwino. Mwana wa mlongo wanga anali wakumphepete, khosi litapindika, chala chili pa tsamba monga mmene chinalili pa foni ija.

Nthawi ya masamu aliyense anatulutsa chuma chake: zitsekerero za mabotolo, timiyala, ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi ndi mphira wa chubu cha njinga. Aphunzitsi amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pomwepo, njira imene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akuilimbikitsa kwa zaka zambiri. Samu inali 32 kuchotsa 7. Mwana ali ndi mitolo itatu ndi timitengo tiwiri tapadera, ndipo pa tiwiri sungachotsepo 7. Ndiye amamasula mtolo umodzi, timitengo tapadera n'kukhala 12, n'kuchotsapo. Ndivomere kuti ine ndinakhoza masamu mpaka Fomu 4 ndikumangoti "tibwereka wani" ngati mawu a mapemphero, osadziwa kuti wobwerekedwayo ndi mtolo wa khumi. Ndinazimvetsa tsiku limenelo, imvi zili mbuu, nditakhala pa njerwa kumbuyo kwa kalasi.

Pa buleki mphunzitsi uja anakhala pakhonde ndi mulu wa makope, kuchonga. Ndinamufunsa ngati pa chinamtindi chotere amatha kudziwa mwana aliyense. Anaseka, n'kutulutsa kope lina lakutha m'chikwama. Munali maina onse 104, ndipo pambali pa ena panali tsiku ndi mwezi. Anati limenelo ndi tsiku limene mwanayo anawerenga chiganizo chathunthu payekha kwa nthawi yoyamba. Kope limeneli salipereka kwa ahedi, a PEA akabwera kudzayendera salifunsa, ndipo pa tsiku lotsekera silitsegulidwa.

Kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana ochuluka chonchi sizinayambe dzulo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi masauzande analembedwa ntchito asanapite ku koleji, ndipo mitengo ya mango inasanduka makalasi. Mlongo wanga analowa sukulu ndi khamu limenelo, ndipo ndi chifukwa chake amatha kulemba dzina lake pamene amayi athu amadinda chala. Koma zaka zoposa 30 zadutsa tikuthamangirabe zipinda ndi aphunzitsi. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Pitani ku Sitandade 1 ya kumudzi kulikonse mukawerenge nokha. Mu 2016 kunakhazikitsidwa National Reading Programme ya Sitandade 1 mpaka 4 ndi thandizo la USAID, chifukwa zinali zitaoneka kuti ana ambiri akukwera makalasi asakutha kuwerenga. Kaphunzitsidwe kamene ndinaona kaja, mphunzitsi kuyamba yekha, kenako pamodzi, kenako ana okha, n'kochokera kumeneko.

Chimene chimandivuta n'chakuti ife makolo sukulu timaiyesa ndi Sitandade 8 yokha. A MANEB akatulutsa zotsatira za PSLCE funso limakhala limodzi pachigayo ndi pamjigo pomwe: apita angati ku sekondale za national, angati ku zogonera za m'boma, angati ku CDSS? Ahedi si opusa, amadziwa pamene mbiri yawo yagona. Ndiye aphunzitsi amene amawadalira amawaika ku Sitandade 8, atatu kapena anayi kugawana maphunziro. Madesiki ochepa amene alipo amapita komweko. Ana amalowa m'kalasi kusanache, amabwereranso masana, Loweruka lomwe, ndipo makolo timasonkha kangachepe mosanyinyirika. Ku Sitandade 1 kumatsala mphunzitsi mmodzi, choko, ndi mtengo wa mango. Pasukulu zina mphunzitsi akamutsitsa kuchoka ku Sitandade 8 kupita ku Sitandade 1 amaziona ngati chilango, anzake n'kumamupepesa.

Pa mwambo wa Lachisanu uja ndinawerenga ana a Sitandade 7 pamene ankaimirira. Sanakwane 50. Ndiye funso n'lakuti, kuchoka pa 104 kufika pamenepo, enawo amathera kuti? Timawadziwa, ndi ana athu omwe. Wina anabwereza Sitandade 3 kawiri mpaka anayamba kuchita manyazi kukhala pansi ndi tiana, pano akupalasa kabaza. Wina ali kubusa, wina ali pabanja. Umphawi ulipo, sindikukana. Koma ambiri amagwera pa Sitandade 5, pamene maphunziro onse kupatula Chichewa amatembenukira ku Chingerezi. Mwana amene sanagwire kuwerenga m'chinenero chimene amalota nacho, sayansi ya m'Chingerezi kwa iye ndi phokoso chabe. Amakopera za pabolodi ngati akujambula maluwa, teremu ndi teremu, mpaka tsiku lina osadzukanso kupita. Kumunda timadziwa kuti mmera mpoyamba, ndipo palibe mlimi amene amasunga feteleza yense kudikira chimanga chimasule. Kusukulu ndiye zimene timachita.

Sindikunena kuti tileke kutchula nambala wani. Ndinakhalapo nambala wani kamodzi kokha, Sitandade 4, ndipo tambala amene agogo anandiphera tsiku limenelo ndimamukumbukirabe kukoma kwake. Mwana amene walimbikira afupidwe ndithu. Kungoti nambala imangotiuza amene ali patsogolo pa mnzake, siitiuza kumene mwana wachokera. Amene anakhala nambala wani mu Sitandade 2 muja anadzera ku mkombaphala, kwawo kuli mabuku ndi nyale ya sola, ndipo anayamba chaka akuwerenga kale. Mwana wa mlongo wanga anayamba chaka mu Seputembala asakusiyanitsa b ndi d. Onse awiri agwira ntchito, koma mtunda umene ayenda ndi wosiyana, ndipo pepala la ahedi lilibe malo olembapo mtunda.

Mwambo utatha ndinamukokera pambali wapampando wa komiti, mnzanga amene tinkasewera naye mpira wachikulunga pabwalo lomwelo. Ndinamuuza kuti teremu ikubwerayi apatseko aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 mphindi khumi zokha, atsegule makope awo aja, aitane ana amene ayamba kuwerenga teremu imeneyo, aliyense awerenge chiganizo chimodzi pamaso pa makolo ake. Sizifuna ndalama, sizifuna chilolezo chochokera ku Capital Hill. Sewero la woledzera likhoza kufupikitsidwa, tonse timadziwa kale mathero ake. Anandimvetsera bwino, anati "Tikambirana ku komiti," kenako anandikumbutsa kuti ife a m'tauni sitinasonkhebe ya simenti. Pamenepo ndinalibe choyankha.

Usiku uja, mbale zitachotsedwa, ndinatulutsa K2000 ija n'kumuitana mwanayo. Anabwera n'kugwada, n'kulandira ndi manja awiri, koma nkhope yake inali yodabwa. "Ya chiyani, amalume? Inetu ndakhala 58." Ndinati ndi ya mankhwala aja. Sanamvetse, ndipo mayi ake anali atayamba kale kunena kuti abweretse amusungire. Iye anapita nayo pafupi ndi tochi, anaitembenuza, n'kuika chala pa malembo ang'onoang'ono amene ali pafupi ndi chithunzi. Mawu oyambirira anawadumpha, si a Chichewa. "Chi-le…" Anaima, milomo ikugwedera. "…mbwe. Chilembwe. Amalume, ameneyu ndani?"

Amayi anasendeza mkeka wawo kufupi. Ndinayambira ku Mbombwe, ku Chiradzulu.