Digiri yokopera siichiza wodwala

Kholo limene lagulitsa chimanga kapena mbuzi kuti lilipire fizi ya mwana kukoleji limayembekezera kumva kuti mwanayo wakhoza. Koma inu makolo, mudamufunsapo kuti ntchito imene wakhoza nayoyo adalemba ndani?

M'sukulu za ukachenjede muli mlandu umene pa Chingerezi amati plagiarism. Uku ndi kutenga mawu, maganizo kapena zotsatira za kafukufuku wa munthu wina n'kuzipereka kwa mphunzitsi ngati zako, osatchula mwini wake. Wina amakopera ndime yonse pa intaneti. Wina amangosintha mawu awiri atatu kuti asagwidwe. Wina amatenga ntchito ya mnzake amene adamaliza chaka chatha n'kusintha dzina pachikuto. Ena amalipira munthu kuti awalembere, ndipo chibwerereni ChatGPT mu 2022, ena amangouza kompyuta kuti ilembe iwo n'kusayinira. Konseku n'kuba.

Ambiri a ife timadziwa za likasa. Tikukumbuka kuti mu 2020 mayeso a MSCE adathetsedwa atabedwa, ndipo ana osalakwa adalembanso. Kuberako kudaonekera poyera. Kukopera kwa kukoleji kumachitika mwakachetechete, m'chipinda chogona usiku, ndipo zotsatira zake zimadzaonekera mochedwa, nthawi zina pabedi la wodwala.

Tengani chitsanzo cha malungo. Mu 1993 dziko lino lidasiya chloroquine chifukwa tizilombo ta malungo tidali titamuzolowera, n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri timamutcha Fansidar. Mu 2007 SP nayenso adasiyidwa ngati mankhwala oyamba ochizira malungo, m'malo mwake mudalowa LA. Wophunzira amene wakopera ndime m'buku lakale osaona chaka chimene lidalembedwa atha kulemba molimba mtima mankhwala amene adasiya kugwira ntchito iye asadabadwe. N'chifukwa chake aphunzitsi amaumirira kuti wophunzira atchule wolemba ndi chaka. Pa zaumoyo nzeru zimakalamba, ndipo wowerenga ayenera kutha kubwerera kugwero kukaona ngati zidakali zoona.

Chachiwiri, ntchito yolemba imaperekedwa kuti wophunzira azolowere kuganiza. Amene wakhala pansi kufufuza chifukwa chake mlingo wa LA umatsata kulemera kwa mwana sadzaiwala kuika mwana pasikelo. Amene wakopera amapeza malikisi koma m'mutu mulibe kanthu. Tsiku lina adzakhala yekha pachipatala chakumudzi, foni ilibe netiweki, mayi atanyamula mwana wokomoka. Pamenepo sipadzakhala womukopera. Mwanayo atha kukhala mdzukulu wanu.

Mlanduwu suwola. Mu 2011 nduna ya zachitetezo ku Germany, Karl-Theodor zu Guttenberg, idatula pansi udindo yunivesite ya Bayreuth itailanda digiri yake chifukwa chokopera. Mu 2012 pulezidenti wa Hungary, Pál Schmitt, adachoka pampando yunivesite ya Semmelweis itamulanda digiri imene adalemba mu 1992. Padali patapita zaka 20, koma zidamupezabe. Lero kugwidwa n'kosavuta, pakuti pali mapulogalamu monga Turnitin amene amayerekeza ntchito ya wophunzira ndi zolemba zambirimbiri. Chilango chimayambira pa kulepheretsedwa phunzirolo mpaka kuchotsedwa sukulu, fizi yonse ija n'kulowa m'madzi.

Komabe si onse okopera amene ndi akuba a mtima. Kuyambira kupulayimale mwana amakopera manotsi pabolodi, n'kumayamikiridwa akabweza mawu a aphunzitsi ndendende. Akafika kukoleji amamva kuti zomwezo tsopano ndi mlandu, koma palibe amene wamufotokozera bwino. Wina Chingerezi chimamuvuta ndipo amaopa kuti mawu ake amveka achibwana. Wina amayamba ntchito kutatsala usiku umodzi. Makoleji asamangolanga, aziphunzitsa kalembedwe koyenera m'chaka choyamba.

Njira yopewera ndi yosavuta kuimva. Wophunzira awerenge mpaka amvetse, atseke buku, alembe m'mawu ake, kenako atchule wolemba ndi chaka, chifukwa ganizolo likadali la mwini wake ngakhale mawu asintha. Akafuna kugwiritsa ntchito mawu enieni a wolemba, awaike m'zizindikiro za mawu ogwidwa. Powerenga azilemba pomwepo dzina la buku ndi tsamba, chifukwa ambiri amakopera mosadziwa ataiwala komwe adatenga mfundo. Ngati sakudziwa malamulo a sukulu yake pa za ChatGPT, afunse mphunzitsi asadapereke ntchito.

Inu makolo, simufunika digiri kuti muthandizepo. Mwana akabwera kutchuthi, mum'pemphe akufotokozereni m'Chichewa zimene adalemba. Amene adalemba yekha amafotokoza mosajejema. Akakupemphani ndalama yolipira womulembera, kanani. Ndipo akalephera phunziro limodzi musamukalipire ngati wapha munthu, chifukwa mantha oterewa ndiwo amakankhira ana ku chinyengo. Kubwereza phunziro n'kowawa, koma kumatha. M'mera mpoyamba: mwana wa sitandade 5 amene mumamulembera homuweki mukumuphunzitsa kale kuti dzina lake litha kuikidwa pa thukuta la wina.

Inunso odzipereka pa zaumoyo m'midzi, nkhaniyi ikukukhudzani. Kukopera manambala a mwezi watha pa lipoti la mwezi uno ndi matenda omwewo. Manambala amenewo ndiwo amathandiza kudziwa kuchuluka kwa mankhwala ndi katemera wofunika m'dera lanu, ndipo akakhala abodza, mudzi umasowa thandizo. Uthenga wa zaumoyo ukakufikani pa WhatsApp, funsani kuti wachokera kuti ndipo ndi wa liti musadaupereke kusikelo ya ana. Pophunzitsa, nenani kuti izi zachokera ku Unduna wa Zaumoyo kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, kuti wokayika akafunse yekha.

Wodwala akalowa m'chipinda cha dotolo safunsa malikisi. Amangokhulupirira kuti amene wavala choyerayo adaphunziradi. Tchuthi chikubwerachi, khalani pansi ndi mwana wanu, mum'funse zimene adalemba, ndipo mumvetsere mmene akuyankhira.