Laputopu Yatsopano Tisaiveke Zachikale

Anzanga, laputopu imene sukulu yathu yalandira yatigawa pawiri. Ena akuti tiikemo Microsoft Office 2003, poti ndi imene tinazolowera pa kompyuta yakale ija ndipo manotsi athu amafotokoza za iyoyo. Ine ndikuti ayi.

Choyamba, Word 2003 imasunga ntchito ngati .doc, pomwe kuyambira 2007 Word imasunga ngati .docx. Munthu akatitumizira fomu ya .docx pa WhatsApp, yachikaleyi payokha siingatsegule. Ndiye tizichoka kuno kwa Mwadzama mpaka ku boma ku Nkhotakota kukangotsegula fayilo imodzi? Thiransipoti yake alipire ndani?

Chachiwiri, Microsoft inasiya kukonza Office 2003 mu April 2014. Mipata imene mavairasi angalowerepo palibenso akuitseka. Chonsecho ife timasomeka mafulashi omwe adutsa kwa obena nyimbo. Vairasi imodzi basi, mafunso onse okonzekera JCE amene aphunzitsi anataipa apita. Ndani amayenda panyanja ndi bwato loti mmisiri anasiya kulimata kalekale?

Ndikudziwa, mukuti Office yatsopano ndi ya ndalama. Zoona. Microsoft 365 amalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndipo makolo athu akuvutika kale ndi fizi. Ena akuti tikaikitse yobera. Imeneyo imatha kubwera ndi vairasi yakeyake, ndiye tapindula chiyani?

Njira ilipo: LibreOffice. Ndi yaulere, osati yakuba. Bandulo imafunika poidawuniloda pokha, kenako imagwira popanda intaneti. Imatsegula .doc ndi .docx zomwe. Komanso pamwamba pake pali File, Edit, View monga mwa 2003, choncho manotsi athu satayidwa onse. Vuto lake n'lakuti nthawi zina matebulo amasuntha fayilo ikatsegulidwa mu Word. Mankhwala ake, ntchito yomaliza tiziisunga ngati PDF tisanapite kokaprintitsa.

Pempho langa kwa ahedi ndi aphunzitsi ndi ili: tiyambe takopera mafayilo onse akale pa fulashi yosekedwa bwino mavairasi, kenako tiyese LibreOffice teremu ino. Ikatikanika, tidzakambirananso.

Ndipo ife ophunzira tisamangoloweza pamene pali batani. Tidziwe chimene batanilo limachita, chifukwa pulogalamu imene tidzaipeze ku koleji kapena kuntchito idzakhala ina. Pamene pakutivuta tifunse. Paja safunsa anadya phula.

Wophunzira wa Fomu 2